Kalata yotseguka kwa eni matimu a mu Super League: musanasake masapota atsopano, tationani ife amene tilipo kale

Kwa eni matimu, mabodi ndi akuluakulu onse oyendetsa matimu a mu Super League,

Mabwana ndi madona, landirani moni wanga waulemu. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Ine ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Pabwalo la mpira ndidayamba kulowa ndili kamnyamata, nditagwira malaya a malume anga kuopa kusochera m'chikhamu, ndipo papita zaka zoposa 30 ndisadasiye. Timu yanga sinditchula. Ndikangoitchula, theka la owerenga lisiyira pomwepa n'kuyamba kundikumbutsa zigoli zomwe tidamwa chaka chatha, chonsecho zimene ndikufuna kunenazi zikukhudza tonse, ofiira, abuluu ndi ena onse. Kalatayi ndailemba poyera chifukwa kuofesi kwanu munthu ngati ine amathera pa mlonda.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Ife akale tidaona nyengo yomwe chipewa chinkayenda m'masitandi kusonkhetsa ndalama ya mafuta a basi, osewera akudikira panja ndi zikwama zawo osadziwa ngati ulendo ulipo. Lero zinthu zasintha. Bullets ili m'manja mwa kampani ya Nyasa Manufacturing, Wanderers idalembetsedwa ngati kampani motsogozedwa ndi a Thomson Mpinganjira, Silver Strikers ili ndi Reserve Bank kumbuyo kwake. Osewera ambiri a matimu akuluakulu ali ndi makontirakiti ndi malipiro a pamwezi. Bullets idatenga ligi kasanu motsatizana kuchokera mu 2018 mpaka 2023, ndipo mu 2023 idasesa zikho zinayi, kenako Silver idaulanda ukatswiriwo mu 2024. Zoterezi sizichitika ndi pakamwa, pamalowa ndalama, ndipo ambiri mwa inu mumatapa m'thumba mwanu. Tikudziwa, ndipo sitikupeputsa.

Tsono mwakhala mukutiuza mapulani anu. Mukuti timu iziyenda ngati bizinesi, izidzidyetsa yokha. Mukuti masapota achuluke ndipo alembetse, agule makhadi a umembala, agule jezi zenizeni, matikiti azigulidwa pa foni, mitengo ya pachipata ikwere pa masewero aakulu, masewero ena azipita kumizinda ina kukakopa anthu atsopano. Mapulaniwa timawakambirana m'minibasi, pabawo, ngakhale pamaliro usiku tikamaotha moto. Ambiri sitikuwakana. Koma wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndikuti mukuyang'ana patali kwambiri. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Masapota amene mukuwalota aja sadabwere. Amene tilipo kale ndife, ndipo mmene mukutisungira ndi mmene alendowo adzaonere ngati n'koyenera kulowa m'nyumbamo.

Ndiyambire pachipata, chifukwa ndi pamene sapota amakumana ndi timu yake maso ndi maso.

Chaka chatha ndidatenga mwana wanga wamkazi wa zaka 11 kukaonera masewero ena aakulu. Tidafika dzuwa lili paliwombo, mpira woyamba 2:30. Zipata zotsegula zidali ziwiri zokha, mzere utakhota mpaka kumsewu. Titaima pafupifupi ola lathunthu, mnyamata wina wovala chovala cha ogwira ntchito pabwalo adandikodola n'kundinong'oneza kuti, "Madala, musamuvutitse mwanayo, ingoperekani theka mudutsire apa." Ndidakana, ndipo ndisadzitame kuti ndine woyera mtima, tikiti ndidali nditagula kale. Titafika pakhomo, wolandira matikiti adatenga yanga yonse osaing'amba, n'kuifumbata. Nditacheuka ndidaona akuipatsira mnzake pa mpata wa waya kuti ikagulitsidwenso panja. Tikiti imodzi kulowetsa anthu atatu kapena anayi. M'mawa mwake wailesi idalengeza ndalama zomwe zidapezeka pachipata. Ife amene tidali m'bwalomo n'kuona anthu atakhala mpaka m'makwerero tidangoyang'anana. Telala amadziwa masamu ake. Ukandipatsa nsalu ya mamita 10 ine n'kukutulutsira malaya awiri okha, usafunsenso, ina yalowa m'chikwama changa.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ndalama ya pachipata siyonse imafika ku timu. Poyamba amachotsapo zolipira apolisi, achitetezo ndi ogulitsa matikiti, kenako yotsalayo imagawidwa pakati pa matimu awiri, mwini bwalo, bungwe loyendetsa mpira m'dziko lino la FAM, bungwe loyendetsa ligi la SULOM ndi Sports Council. Choncho kwacha iliyonse yobedwa pachipata imachepetsa kagawo kakang'ono kale. Ndiye mukakweza mtengo musadatseke chibowocho, amene mukumulanga ndi ine wogula tikiti moona. Wodutsira pa mpata wa waya uja mtengo watsopanowo sumukhudza, ndipo amene amamudutsitsayo ndiye wakwezeredwa malipiro. Kutunga madzi ndi ndowa yobooka, ukaona kuti sikudzaza, suwonjezera maulendo a kuchitsime, umayamba wamata ndowayo.

Matikiti a pa foni ndi ganizo labwino, ndipo ndi Airtel Money kapena Mpamba ambiri tingathe. Koma muganizirenso agogo a kanyumba ka mabatani, ndiponso tsiku lomwe netiweki yathawa anthu masauzande ali pamzere.

Kuchedwa kutsegula zipata musakuone ngati kankhani kakang'ono. Pa 6 July 2017 anthu 8, ambiri mwa iwo ana, adafa moponderezana pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, pa tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lino, khamu litaunjikana panja zipata zisadatsegulidwe. Tsiku lomwe ndidaima pamzere lija, anthu atayamba kukankhana kumbuyo, ndidamunyamula mwana wanga n'kumuika paphewa, mtima uli pa ana a ku Lilongwe aja. Mayi ake atamva adandiuza kuti ndisadzamutengenso. Mmenemo mwataya sapota wa zaka 11, amene akadakugulirani matikiti zaka 50 zikubwerazi.

Za kukweza mitengo ndikufuna ndikuuzeni zomwe zidachitika ku England, kumene ambiri mwa inu mumatengera nzeru za bizinesi ya mpira. Mu February 2016 eni ake a Liverpool adalengeza kuti matikiti ena afika pa mapaundi 77. Pa masewero otsatira, ndi Sunderland, itangokwana mphindi ya 77, masapota pafupifupi 10,000 adanyamuka n'kutuluka m'bwalo la Anfield. Nthawi imeneyo Liverpool inkatsogola 2-0, koma mpira udatha 2-2. Pasadathe sabata eni timuwo adapepesa poyera n'kubweza ganizolo. Kumeneko n'kolemera, anthu ake amalandira mapaundi, koma adati apa ndiye mwaonjeza. Nanga ife a kwacha, yomwe mu November 2023 idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi? Sapota wochokera ku Bangwe kapena ku Chirimba asadafike pachipata walipira kale minibasi ziwiri, ndipo pobwerera zimamudikiranso. Wakabaza amasiya makasitomala a Loweruka masana, nthawi yomwe ndalama imayenda. Mtengo womwe mumalemba pa chikwangwani ndi gawo chabe la zomwe munthu amataya kuti adzakuimbireni nyimbo.

Tsopano ndilowe m'munda mwanga, nkhani ya jezi.

Pa makina anga pamadutsa jezi zambiri. Ena amabweretsa kuti ndichepetse, ena kuti ndisoke pomwe yang'ambika m'khwapa, ena kuti ndimatenso chizindikiro chomwe chayamba kusupuka. Ndikangoigwira ndimadziwa yeniyeni ndi yachinyengo. Yeniyeni msoko wake wa paphewa ndi wa mizere iwiri yowongoka, ulusi wake wofanana ndi nsalu, ndipo nambala siuma ngati chikopa ukaichapa. Yachinyengo ulusi umalendewera m'kati, kolala imapindika ukangoichapa kawiri. Koma mwa jezi khumi za matimu athu zomwe zimandifika, zenizeni sizipitirira ziwiri. Eni ake akamandipatsa amaseka mwamanyazi, amvekere, "Ya ku shopu ija tidzagula tikadzalemera." Anthuwa timu amaikonda, ndi omwe aja amapsa ndi dzuwa ku open stand. Chawalepheretsa ndi mtengo. Ineyo kuti ndipeze ndalama ya jezi imodzi ya timu yanga ndiyenera kusoka mayunifolomu a ana asukulu angapo, ndipo ndisadaiguleko n'komwe kunyumba andifunsa kale za ufa.

Ndiye mwatengera chizolowezi cha ku Ulaya chosintha jezi chaka ndi chaka. Munthu wadzimana, wagula, miyezi ingapo yapita, mwatulutsa ina, yake ija yasanduka yakale. Kachiwiri sabwereranso, amapita kumsika. Masaizi a ana amasowa. Ya amayi yosokedwa molingana ndi thupi lawo kulibe, amangogula yachimuna n'kubwera nayo kwa ine kuti ndiibweze m'chiuno. Ndipo malo ogulitsira ndi amodzi kapena awiri m'tauni, ngati kuti ku Mulanje, ku Mchinji ndi ku Karonga kulibe okukondani.

Chomwe chimandidabwitsa kwambiri ndi ichi. Zipani zandale zidadziwa kalekale kuti Mmalawi ukafuna kumufika pamtima umamupatsa nsalu. Mipingo nayo idadziwa, palibe chikondwerero cha mpingo chopanda chitenje chake. Mabanki, mabungwe, ngakhale mabanja pa ukwati amasindikiza nsalu. Koma chitenje cha timu, chotsika mtengo, chomwe mayi angamange m'chiuno, kuberekera mwana, kapena kusoketsa malaya a bambo, n'chosowa. Chitenje chimodzi chimayenda kuchigayo, kumsika, kusikelo ya ana, chikulengeza dzina la timu yanu kumalo komwe chikwangwani sichifika. Ndivomere kuti pamenepa ndikudziyankhulirako, chifukwa nsaluzo zikadzabwera wosoka ndine. Koma kudya kwa telala sikuchotsa phindu lanu.

Nkhani ina yomwe ikutiwawa ndi ya makhadi a umembala. Ine ndidalembetsa. Ndidapereka ndalama, adandijambula, patapita miyezi khadi lidabwera, lokongola ndithu, lonyezimira. Mpaka lero lili m'chikwama pamodzi ndi chiphaso cha unzika, ndipo ntchito yake sindidaione. Pachipata ndimalipira chimodzimodzi ndi amene alibe. Pamzere ndimaima chimodzimodzi. Kumsonkhano sindidaitanidwepo. Palibe ngakhale uthenga wa pa foni wondiuza kuti tidalembetsa anthu angati ndipo ndalama zathu zidagwira ntchito yanji. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Anzanga amene ndidawakopa kuti alembetse amandiseka, amati ndidagula chithunzi changa chomwe.

Mukamatiuza za umembala mumakonda kutchula matimu a ku Tanzania, ndipo n'zoona kuti anzathuwa atipitirira. Simba idabwera pa Bingu mu 2022 n'kuchinya Bullets 2-0, Yanga idafika mu fainolo ya CAF Confederation Cup, mpikisano wa matimu a mu Africa, mu 2023, Simba nayo idafikamo mu 2025. Chaka chilichonse pa Simba Day bwalo la Benjamin Mkapa ku Dar es Salaam limadzaza anthu ongobwera kudzaona osewera atsopano ndi jezi yatsopano. Koma mbali ina ya nkhaniyi simuitchula. Mpondamatiki Mohammed Dewji atafuna kuika ndalama zake mu Simba, mashilingi 20 biliyoni, gawo lomwe adagwirizana lidali 49 peresenti, ndipo 51 peresenti idatsala m'manja mwa mamembala. Ku Germany nako kuli lamulo lotchedwa 50+1, lomwe limati m'matimu ambiri mavoti ochuluka azikhala ndi mamembala, ngakhale wolemera ataika ndalama zochuluka bwanji. Munthu amalipira umembala mosanyinyirika akadziwa kuti pa tsiku la msonkhano dzanja lake liwerengedwa. Sindikunena kuti mutipatse makampani anu, ayi. Ndikudziwanso mbiri yoipa yomwe ena mwa ife tidapanga m'mbuyomu, yotsekera makochi panja pa bwalo la zokonzekera, yothamangitsa makomiti ndi zibonga, yodyera pachipata m'dzina la usapota. Zimenezo zisabwererenso. Koma pakati pa chipwirikiti chija ndi kutisandutsa makasitomala osayankhula pali malo okwanira mpando umodzi kapena iwiri.

Osewera athu akagulitsidwa ku South Africa, ku Tanzania, ku Zambia kapena ku Mozambique timangomvera pa wailesi kuti wapita. Timakondwa, chifukwa ndi njira yomweyo idatenga Gabadinho Mhango kuchoka ku Bullets kupita ku Bloemfontein Celtic, mpaka dziko lonse la Africa lidamudziwa ndi chigoli chija adachinya Morocco mu January 2022. Koma pakalowa ndalama yotere, membala ali ndi ufulu womva kuti yalowa ndipo ina yapita kukasula ana ena. Pamene palibe lipoti pamamera mphekesera, ndipo mphekeserazo zimadetsa ngakhale amene manja awo ndi oyera.

Ndinenepo za maina ndi mitundu. Wanderers idabadwa mu 1962, ndipo yakhalapo Yamaha Wanderers, Limbe Leaf Wanderers, MTL Wanderers, Be Forward Wanderers ndi Mighty Mukuru Wanderers. Bullets idabadwa mu 1967, ndipo yakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, Nyasa Big Bullets ndi FCB Nyasa Big Bullets. Makampani ndi anthu onsewa adathandiza pa nthawi yawo, ndipo Bakili Bullets ija idafika mpaka m'magulu a CAF Champions League mu 2004. Koma taonani mndandandawo bwinobwino. Dzina lakutsogolo limabwera n'kupita, lakumbuyo ndi limene limatsala, ndipo amene amalisunga pa zaka za chilala, wothandiza wina atachoka wina asadabwere, ndi anthu a m'masitandi. Matimu amene adalibe anthu otere kumbuyo kwawo adapita ndi makampani awo. MDC United ili kuti lero? ESCOM United ili kuti? Onsewa adatengako ligi ya dziko lino.

N'chifukwa chake timachita mantha tikamva mphekesera zosintha chizindikiro kapena mitundu ya timu pofuna kukopa msika watsopano. Zidachitikapo ku Cardiff City. Mu 2012 mwini wake, Vincent Tan wa ku Malaysia, adavula timuyo buluu yemwe idavala kwa zaka pafupifupi 100 n'kuiveka zofiira, poganiza kuti ikopa anthu a ku Asia. Masapota a kwawo adapitiriza kubwera atavala buluu, ena adasiyiratu kubwera, ndipo mu January 2015 timu idabwerera ku buluu. Dzina la kampani liikeni pachifuwa pa jezi, liikeni kutsogolo kwa dzina la timu ngati mgwirizano ukutero, tidazolowera. Koma mtundu ndi chizindikiro musakhudze musadatifunse. Pali anthu adaikidwa m'manda bokosi litakutidwa ndi mbendera ya mitundu imeneyo.

Za kutengera masewero kumizinda ina sindikutsutsa kwenikweni. Anzathu a ku Mzuzu, ku Karonga, ku Dedza ndi ku Mulanje nawonso ndi masapota, ndipo ayenera kuona timu yawo ndi maso. Chomwe chimapweteka ndi kumva Lachinayi madzulo kuti masewero a Loweruka asamukira mtunda wa makilomita 300, munthu utakonza kale zonse. Ndipo muzu wa vutoli tonse tikuudziwa: matimu ambiri alibe mabwalo awoawo. Mu 2019 boma lidalonjeza kumangira Bullets ndi Wanderers mabwalo ku Blantyre, ntchito idayambika, koma matimu awiriwa adapitirizabe kusewerera pa Kamuzu Stadium, bwalo la boma, ndipo masewero a CAF amakachitikira ku Lilongwe. Timu yopanda bwalo ili ngati ine pakhonde la eni: mwezi ukatha lendi, ndipo sungakhome ngakhale msomali osapempha. Mukatiuza kuti ndalama ya khadi ikupita ku njerwa za bwalo lathu, n'kumationetsa khoma likukwera, mudzadabwa mmene anthu osauka amaperekera. Matchalitchi aakulu amene mukuwaona m'makwalalamu adamangidwa ndi ndalama za amayi ogulitsa tomato.

Chotsiriza pa madandaulo anga ndi chimene chikadayenera kukudetsani nkhawa kwambiri. Mdani wanu pa nkhani yokopa masapota si timu inzanu ya mu ligi. Pitani ku Ndirande, ku Mbayani kapena ku Area 25 Loweruka masana mukaone mmene mavidiyo sho amadzazira. Masewero a ku England oyamba 3 koloko kwawoko kuno amakhala 4 kapena 5 koloko, nthawi yomwe ife tili m'chigawo chachiwiri kapena tikutuluka m'bwalo. Mnyamata amalipira kandalama kochepa, amakhala pamthunzi, palibe womuponda, palibe utsi wokhetsa misozi. Ana a m'dera langa amatchula osewera onse a Arsenal ndi Manchester United mpaka a pabenchi, koma ukawafunsa goloboyi wa timu ya kwawo amakanda mutu. Mwana ameneyu simungamukope ndi chikwangwani. Ayenera kulowa m'bwalo kamodzi, amve ng'oma, aone chigoli ndi maso ake, abwerere kunyumba ali bwinobwino.

Koma kholo lingamutengere bwanji mwana kumalo komwe zimbudzi zilibe madzi, komwe utsi wa chamba umakuta sitandi yonse, komwe mayi akangodutsa amayamba kumuimbira nyimbo zotukwana? Apa mlandu wina ndi wathu masapota, ndipo ndikuuvomera pamaso pa onse owerenga. Mabotolo amene amaponyedwa m'bwalo saponyedwa ndi bodi. Zindapusa zomwe timu imalipira chifukwa cha ziwawa zathu ndi ndalama zomwe zikadagula mipira ya ana. Komabe mwini nyumba ndi amene amaika malamulo a m'nyumba. Amayi ndi theka la dziko lino, ndipo mpira amaudziwa. Scorchers, timu ya amayi ya dziko lino, idatenga chikho cha COSAFA, cha maiko a kummwera kwa Africa, mu 2023. Tabitha Chawinga adafika mpaka ku Lyon, imodzi mwa matimu aakulu a amayi ku Ulaya, ndipo mng'ono wake Temwa adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya ku America mu 2024 ali ku Kansas City Current. Atsikana ambiri akukula akuwaona awiriwa. Msika umene mukuusaka kutali uja wina uli m'nyumba mwathu momwemu, ukungoopa chimbudzi ndi pakamwa pa anthu.

Choncho, mabwana ndi madona, mwaulemu ndikupempha izi, ndipo ndikhulupirira kuti masapota anzanga a matimu onse agwirizana nane:

1. Musakweze mtengo wa ku open stand musadatseke zibowo za pachipata. Pakatha masewero aliwonse a pakhomo, lengezani chiwerengero cha matikiti omwe adasindikizidwa, omwe agulidwa, ndalama zomwe zalowa ndi zomwe zafika ku timu. Ikani pa tsamba lanu la Facebook pomwe mumaika zigoli.

2. Zipata zonse zizitsegulidwa maola osachepera atatu mpira waukulu usadayambe, ndipo pakhale chipata chapadera cha amayi, ana, okalamba ndi anzathu aulumali. Matikiti a pa foni abwere, koma a pepala asatheretu.

3. Jezi ikhale ya mitundu iwiri: yapamwamba ya amene angathe, ndi ina yovomerezeka yotsika mtengo. Pakhale masaizi a ana ndi a amayi, pakhale chitenje, ndipo jezi ya pakhomo izikhala zaka ziwiri isadasinthidwe. Gulitsani kudzera m'nthambi za masapota m'maboma, nthambizo zizipezapo kangachepe.

4. Khadi la umembala likhale ndi phindu looneka: kuchotserako pa tikiti, mzere wakewake, ndi msonkhano wa mamembala kamodzi pachaka pomwe mudzatiwerengera lipoti la zachuma lounikidwa ndi akatswiri owerengera ndalama.

5. Mu bodi mukhale woimira masapota wosankhidwa ndi mamembala olembetsa mwa voti yachinsinsi, osati wolozedwa ndi chala kuchokera kumwamba, komanso osati amene ali ndi mawu aakulu kuposa anzake.

6. Mulembe pa pepala n'kusainira kuti mitundu, chizindikiro ndi dzina lenileni la timu sizidzasinthidwa popanda chilolezo cha mamembala, ndipo masewero a pakhomo akamasamutsidwa tizidziwitsidwa masabata awiri zisadachitike, pokhapokha ngati chifukwa chake chachokera kwa oyendetsa ligi.

7. Ana a sukulu za pulayimale ovala yunifolomu azilowa ulere pa masewero ang'onoang'ono, limodzi ndi aphunzitsi awo, pa sitandi yopanda mowa ndi fodya. Mipando imeneyo masiku otere imakhala yopanda anthu kale, simutayapo kanthu. Ndipo kambiranani ndi eni mabwalo kuti tsiku la mpira m'zimbudzi mukhale madzi.

Pa zisanu ndi ziwirizi, zambiri sizifuna ndalama, zimangofuna kuti wina mu ofesi alamule. Zovutirapo, monga jezi yotsika mtengo, tiuzeni pomwe pakuvuta, timva, chifukwa nafenso timachita bizinesi ndipo tikudziwa kuti nsalu imagulidwa ndi ndalama zakunja.

Ndili ndi pempho limodzi loonjezera, lomwe sindidaliike pa nambala chifukwa ndi la munthu ndi munthu. Mmodzi mwa inu, tsiku limodzi lokha, asiye galimoto kunyumba. Akwere minibasi, atsike pasiteji, agule tikiti ya ku open stand ndi ndalama ya m'thumba mwake, aime pamzere, alowe m'chimbudzi cha kumeneko nthawi yopumulira, atuluke pamodzi ndi khamu mpira ukatha. Asavale suti, ndipo asauze achitetezo kuti akubwera. Akafuna womuperekeza ndilipo, Loweruka makina ndimatseka 11 koloko. Mwana wanga uja wayambanso kundifunsa kuti tipita liti, ndipo mayi ake ndawauza kuti ndiyamba ndamva yankho lanu.

Ndine wanu mwaulemu,

Telala wa ku Limbe, sapota wa ku open stand